Zimene Pepala la Masewero a Tchesi Lingakuphunzitseni za Chiyankhulo

Mukapita ku mpikisano wa tchesi wa anthu osewera mongokonda, mudzaona aliyense ali ndi pepala polemba mmene wayendera. Malamulo a bungwe la FIDE amafuna zimenezi pa masewero a nthawi yaitali. Pepalali ndi nkhani yathunthu, ndipo inu aphunzitsi mukhoza kuligwiritsa ntchito m'kalasi.

Taonani chiyambi ichi, chimene chagwetsa osewera ambiri ongoyamba kumene: 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bc4 Nf6 4.Ng5. Wa zoyera waloza kavalo ndi bishopu wake pa bokosi la f7, lomwe limatetezedwa ndi mfumu yokha. Wa zakuda amatchinga ndi 4...d5, ndipo akadyedwa pa 5.exd5 mtima umamuuza kuti abwezere pomwepo ndi 5...Nxd5. Apa ndi pamene pagona vuto. Wa zoyera amapereka kavalo wake dala, 6.Nxf7, mfumu n'kudya kavaloyo. Kenako 7.Qf3+ imaikankhira pa e6, pakati pa bwalo, kuti iteteze kavalo wake wa pa d5. Masewero sanathe ayi, koma wosewera wosazolowera, wotchi ikumuthamangitsa, sakhalitsa. Akadayenda 5...Na5 n'kuopseza bishopu, akadapuma bwino. Anthu a ku Italy anatcha msamphawu Fegatello, mawu ochokera ku dzina la chiwindi.

Tsopano nayi mbali yathu. Zilembo zija si za dziko lonse. FIDE imalola wosewera kulemba ndi zilembo za chiyankhulo chake. Mnzanu wa ku Tete, wophunzira m'Chipwitikizi, adzalemba 6.Cxf7 Rxf7, chifukwa kwa iye C ndi kavalo ndipo R ndi mfumu. Wa ku Chipata kapena ku Lilongwe, wozolowera Chingerezi, akaona R amaganiza za nsanja, n'kudabwa kuti nsanja ya pa h8 yafika bwanji pa f7. Ine ndimaona kuti chitsanzo chimenechi chimafotokoza msanga kuposa tsamba lonse la maphunziro kuti chizindikiro chimapeza tanthauzo mwa anthu amene agwirizana pa icho.

Yesani izi: apatseni ophunzira mayendedwe 7 amenewa, awasewere pa bolodi, kenako afotokoze m'Chichewa zimene zachitika. Muwafunse pamene wa zakuda analakwitsa. Mudzamva okha akuyamba kunena kuti “akadapanda kudya” ndi “akadayamba waopseza”, ziganizo zimene zimavuta kuphunzitsa pa bolodi lakuda popanda choti ana akanganirane.