Kalavani yanu ikamwa kuti, ikataya kuti?

Ntchito yanga ndi yoika magetsi ndi mapaipi a madzi m'magalimoto amene anthu amagonamo akakhala pa ulendo: makalavani, ma Land Cruiser a tenti padenga, ndi timalole tosandutsidwa nyumba. Galaja yanga ili kuno ku Chalimbana, kungopatuka pang'ono pa Great East Road, msewu umene wopita ku Chipata ndi ku Mfuwe sangauzembe. Funso limene limandipeza kawirikawiri, makamaka kuchokera kwa amene angogula kumene kalavani ku Johannesburg kapena aonera za maulendo a ku America pa YouTube, ndi ili: "Amisiri, ndi msasa uti pafupi ndi paki umene ndikangoimika galimoto ndilumikiza zonse?"

Zonse akunenazo ndi zitatu. Chingwe cha magetsi, paipi ya madzi olowa, ndi paipi ina yokulirapo yotulutsa za kubafa ndi za kuchimbudzi molunjika kudzenje. Ku America, kumene magalimoto ena ogonamo amatalika kupitirira mamita 12, misasa yambiri ya anthu amalonda ili ndi zitatu zonsezi pamalo alionse oimikapo. Koma ngakhale kumeneko, m'kati mwa mapaki zimasowa. Paki ya Yellowstone, imene inakhazikitsidwa mu 1872, ili ndi misasa ingapo, koma wokhala ndi zitatu zonse ndi umodzi wokha, wa Fishing Bridge, ndipo salola matenti chifukwa cha zimbalangondo. Ku Kruger, ku South Africa, m'misasa ngati Skukuza ndi Satara mumapeza magetsi, madzi mumakatunga pa mpopi wa onse, ndipo chimbudzi ndi bafa ndi zogawana.

Ndiye kuno kwathu yankho langa limakhala lachidule: musataye nthawi kufunafuna malo otero. Konzani galimoto yanu kuti izitha kudziimira payokha masiku atatu, kenaka phunzirani kufunsa eni msasa mafunso oyenera. Ena amakhumudwa, poganiza kuti ndikufuna kuwagulitsa mabatire. Mabatire ndimagulitsadi, sindikana. Koma tiyeni tione kaye kumene mukupitako.

Mukayang'ana pa mapu, Lower Zambezi National Park ili pakhomo pathu penipeni. Mtsinje wa Chalimbana umathira mu Chongwe, ndipo Chongwe amatsetsereka mapiri mpaka kukathira mu Zambezi, n'kukhala malire a paki chakumadzulo. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1983, kukula kwake ndi masikweya kilomita 4,092, ndipo tsidya lina la Zambezi kuli Mana Pools ya ku Zimbabwe. Koma nyama zimene mukufuna kuona zili kuchigwa, pansi pa mapiri, ndipo njira imene ndingalole munthu wokoka kalavani kudutsa ndi yozungulira: kubwerera ku Lusaka, kutsika ku Chirundu, kuwoloka Kafue, n'kulowa dera la Chiawa pa msewu wafumbi. Misasa yolandira anthu odziyendetsa okha, monga Gwabi, Kiambi ndi Mvuu, ili kunja kwa paki, kuyambira m'mbali mwa Kafue mpaka m'mphepete mwa Zambezi. Mvula ikakhazikika, kuyambira cha mu December mpaka March kapena April, misewu ya kumeneko imasanduka matope, ndipo pa Chongwe, polowera m'paki, madzi akadzaza palibe kuwoloka.

Kwa amene galimoto yake ndi yaitali kapena yotsika, South Luangwa ndiye yosavuta. Phula lilipo kuchokera kuno mpaka ku Chipata, ndi kuchokera ku Chipata mpaka ku Mfuwe. Pafupi ndi geti pali misasa yodziwika ngati Croc Valley ndi Wildlife Camp, m'mphepete mwa Luangwa, kumene mumagona mukumva mvuu zikulira. Kumenekonso dongosolo ndi lomweli: mumagona kunja kwa paki, kukacha mumalipira pa geti la Department of National Parks and Wildlife, mumalowa, ndipo dzuwa likamalowa muyenera kukhala mutatuluka. Kuyenda usiku m'paki n'kwa magalimoto a eni malo ogona okha, okhala ndi chilolezo.

Tsopano magetsi, amene ndiwo amapweteketsa anthu mitu.

Mwini msasa akati "magetsi alipo", sananame, koma sanakuuzeni zambiri. Pa msasa wina m'mbali mwa Luangwa ndinapeza mtengo wozikidwa pansi, pamwamba pake atakhomerapo kabokosi ka soketi imodzi. Mabowo a soketiyo anali akuda, pulasitiki itasungunuka m'mbali. Kuchokera pamenepo chingwe chimodzi chowonda chinayenda mu udzu kukadyetsa magalimoto atatu. M'mawa mayi wina atangoyatsa ketulo, mafiliji atatu onse anazima nthawi imodzi, ndipo mlonda anathamanga kukakweza breaker ali kung'ung'udza kuti, "Abwana, ketulo ayi, chonde. Madzi a tiyi tikuwiritsirani pa mbaula."

Mlondayo samadziwa masamu ake, koma amanena zoona. Magetsi athu ndi a ma volts 230. Ngati breaker ya pa mtengopo ndi ya ma amps 10, ndiye kuti zonse mwalumikiza zisapitirire ma watts 2,300. Ketulo yokha imadya pafupifupi 2,000. Makina oziziritsa mpweya a pa kalavani amadya 1,000 kapena kuposa, ndipo akamayamba kuzungulira amakoka mowirikiza. Filiji ya m'galimoto, ya ma volts 12, imadya ma watts 40 mpaka 60 basi. Choncho funso lofunsa pa foni si lakuti kodi magetsi alipo. Funsani kuti breaker ndi ya ma amps angati, ikudyetsa malo angati, ndipo magetsiwo akuchokera kuti: pa mzere wa dziko, pa jenereta, kapena pa sola. Msasa wa sola sungakuloleni ketulo kapena chowumitsira tsitsi, ndipo wa jenereta kawirikawiri amaizimitsa usiku kuti alendo amve kutchire. Wa pa mzere wa dziko nawo musaudalire kotheratu. Tonse tikukumbukira 2024, pamene chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba, Pulezidenti Hakainde Hichilema n'kulengeza mu February kuti dziko lili pa ngozi, ndipo m'madera ambiri magetsi ankayaka maola ochepa okha pa tsiku. Nyama ya m'filiji sidikira kuti magetsi abwere, makamaka mu October pamene kuchigwa kumatentha kupitirira madigiri 40.

Palinso nkhani ya mapulagi. Kuno masoketi ambiri ndi a mano atatu a makona, a Chingelezi, koma m'misasa yomangidwa ndi zipangizo za kum'mwera mumapeza a mano atatu obulungira a ku South Africa. Kalavani yochokera kumeneko imabwera ndi pulagi yabuluu ija yaikulu, imene ku Kruger imalowa bwinobwino koma kuno imasowa mnzake. Ndimakonzera aliyense timichira tiwiri tatifupi tosinthira, ndi chingwe cha mamita 25 cha waya wa 2.5 mm, osati zija zowonda zogula pa msika. Chingwecho muzichitambasula chonse ngakhale soketi ili pafupi, chifukwa chikakhala chokulungidwa pa gudumu lake chimatentha mpaka kusungunuka. M'galimoto mwenimwenimo muzikhala breaker yanuyanu yozimitsa magetsi akayamba kuthawira pansi, ya 30 mA, poti simudziwa ngati amene anakoka waya pa mtengo paja anaika waya wa pansi. Munthu wopanda nsapato, pa udzu wonyowa ndi mame, atagwira chitseko chachitsulo, ndiye amakhala waya wa pansiyo. Ndipo wobweretsa galimoto yomangidwira ku America adziwe kuti masoketi ndi zipangizo zake zolumikiza ku magetsi a msasa ndi za ma volts 120. Akangolumikiza kuno popanda transformer, utsi.

Kudziimira pawekha sikufuna zambiri monga anthu amaopera. Filiji ya malita 40 kapena 50 imadya ma amp-hours 30 mpaka 50 pa tsiku kukatentha. Batire ya asidi ya 100 Ah simuyenera kuitsitsa kupitirira theka, ndiye imakupatsani tsiku limodzi ndi kachidutswa. Ya lithium ya kukula komweko mungaigwiritse pafupifupi yonse, ndipo ndi yopepuka, ngakhale mtengo wake umaluma. Sola ya ma watts 200 m'chilimwe imabweza zimene filiji yadya n'kutsalako za nyale ndi mafoni. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti galimoto mudzafuna kuiimika pa mthunzi pomwe sola ikufuna dzuwa. N'chifukwa chake ine ndimakonda sola yopinda, yokhala ndi chingwe chachitali, yoti muziisuntha kutsatira dzuwa, kusiyana ndi yokhomera padenga.

Mthunzi womwewo usankheni ndi maso. Pansi pa mvunguti pamazizira bwino, koma chipatso chake chimalemera makilogalamu angapo ndipo chikagwa sichisankha pakati pa galasi la galimoto ndi mutu wa mwana. Pansi pa msangu, ku Lower Zambezi, nyemba zake zikamagwa m'chilimwe njovu zimabwera kudzatola, nthawi zina kugwedeza mtengo wonse. Njovu sidziwa kuti malowo mwalipira.

Za madzi ndinena mwachidule. Paipi yolumikiza ku mpopi usana ndi usiku ndi yachabe kumene kuli anyani ndi afisi. Afisi amatafuna chilichonse cha labala, ndipo anyani akaphunzira kutsegula mpopi saiwala. Dzazani thanki, chotsani paipi, pindani, sungani. Funsani ngati madziwo ndi a pachitsime chokumba ndi makina kapena opopa mu mtsinje. A mu mtsinje ndi osamba ndi kutsukira. Akumwa asefeni, muwawiritse kapena muthire klorini. Kumbukiraninso kuti lita imodzi ndi kilogalamu imodzi. Thanki ya malita 150 ndi katundu wa makilogalamu 150 amene masipuling'i anu adzamve pa mabampu a ku Chiawa.

Paipi yachitatu ija, yotulutsa zonyansa, ndi imene sindifuna n'komwe kuti ifike m'misasa yathu ya m'mphepete mwa mitsinje, ndipo ndinene chifukwa. Msasa wa kutchire ulibe mapaipi a tauni. Uli ndi thanki ya septic ndi dzenje lomwetsa madzi pansi, zomangidwa molingana ndi zimbudzi zinayi kapena zisanu. Thankiyo imagwira ntchito chifukwa cha tizilombo tosaoneka timene timadya zonyansazo pang'onopang'ono. Mankhwala ena abuluu othira m'chimbudzi cha m'kalavani ali ndi formaldehyde, amene amapha tizilomboto. Makalavani angapo akakhuthulira m'menemo, thanki imafa, fungo limabuka, ndipo zosawola zimatsikira m'nthaka ya mchenga mamita ochepa kuchokera ku mtsinje umene anthu a m'midzi ya kumunsi amatungamo ndi kuphamo nsomba. Dzinja likafika, Luangwa amasefukira n'kumiza malo ena oimikapo magalimoto. Taganizani mapaipi otsegula pakamwa ali ndandanda pamenepo.

Chimene ndimaika m'magalimoto ndi chimbudzi cha kabokosi kochotseka, ka malita pafupifupi 20. Kakadzaza mumakasolola panja, kukanyamula ngati sutikesi, kupita nako ku chimbudzi cha msasa. Mumapotoza khosi lake kuloza pansi, kudina kabatani kolowetsa mpweya kuti zisakuthovukireni, kukhuthula pang'onopang'ono, kutsukuluza kawiri, kwatha. Gwiritsani mankhwala obiriwira olembedwa kuti savulaza septic, ndipo musanakhuthule pemphani kaye. Mawu ochepa okha, "Bambo, kodi ndingatayire kuti izi?", amakutsegulirani njira, ndipo nthawi zambiri amakulozerani malo amene anakonzera zimenezo. Chanzeru kuposa zonse n'kugwiritsa ntchito zimbudzi za msasa masana, kabokosi kanu n'kukasiyira usiku. Usikuwo ndiye ntchito yake yeniyeni: pa Mfuwe, mvuu zimatuluka m'madzi kudzadya udzu pakati pa matenti, ndipo ulendo wa mamita 50 wopita kuchimbudzi pakati pa usiku si woyenda mwamasewera.

Madzi otsukira mbale nawo musawathire pansi pa galimoto. Fungo la mafuta ndi nyenyeswa limaitana nyerere, linthumbu ndi afisi. Ikani ndowa pansi pa paipi, mukataye kumene eni malo amatsukira.

Amene mwangogula kumene galimoto, musayambire ku Chiawa. Kagoneni kaye usiku umodzi pafupi, ku Pioneer Camp cha ku msewu wa Palabana kapena ku Eureka pa Kafue Road, osalumikiza kalikonse ngakhale soketi ilipo. Masana kayendeni mu Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015, kuti zonse zigwedezeke pa fumbi. Chimene chingamasuke kapena kudontha chidzaonekera kumeneko, mukadali pafupi ndi sitolo ya zitsulo. Mafuta dzazani ku Chirundu kapena ku Chipata, gasi wophikira dzazani musananyamuke ku Lusaka, ndipo malo sungitsiranitu ngati mukupita pakati pa July ndi October, pamene alendo amachuluka.

Kwa inu eni misasa amene mumawerenga danga lino, pempho langa ndi laling'ono. Lembani pa mtengo uliwonse wa magetsi kuti breaker yake ndi ya ma amps angati, sinthani masoketi opserera, ndipo kumbani dzenje limodzi lapadera, kutali ndi mtsinje, lokhuthulirako timabokosi ta m'makalavani. Ndalama yake siifika ngakhale ya matayala awiri a Land Cruiser.