Chiwaya cha nkhumba chidatsala pang'ono kutiyatsira moto ku Salima

Amalonda anzanga, zomwe ndidaona ndi maso angawa ku Salima zikukana kuchoka m'mutu, ndiye ndati ndikutsineni khutu. Ine geni yanga ndi yopikula usipa ku Senga Bay n'kukagulitsa ku Lilongwe. Amene mudafikako mukudziwa kuti kumeneko m'mamawa umadzutsidwa ndi kuitana kwa ku mzikiti, Lamulungu belu la tchalitchi nalo lili ngwee. Achewa, Ayao, Atonga, tonse timayanika nsomba pa mathandala oyandikana.

Tsiku lina pa kamsika kena ka kufupi ndi nyanja, mnyamata wina wa mpingo wathu adafika ndi chiwaya cha nkhumba n'kuchikhazika pafupi penipeni ndi bambo wina wachisilamu wogulitsa nyama ya mbuzi. Utsi wonse, mafuta onse, kulunjika pa mbuzi ya eni ake. Makasitomala achisilamu adangoyang'ana n'kubwerera. Dzuwa lidapendeka mbuziyo ili chipachikire.

"Achimwene, mwandidetsera nyama, sunthani," adatero bamboyo.

"Ano ndi matipate madala, aliyense ali ndi ufulu wochita bizinesi," adayankha mnyamatayo.

Basi, chidayamba ngati macheza. Pofika madzulo anyamata adali atagawikana pawiri, ena miyala ili m'manja. Nkhani ya nkhumba idaiwalika, anthu adayamba kutukwanizana za mitundu ndi za zipani. Ati inu mumavotera uje, inu ndi obwera, kwanu si kuno. Ine ndidayamba kumanga mabasiketi anga, poti ndimadziwa kuti msika ukapsa, usipa sufunsa kuti mwini wake amapemphera kuti.

Amene adatipulumutsa ndi agogo ena, mkulu wa mpingo, ogulitsa mpunga wa ku Lifuwu. Iwo sadapite kukalimbikitsa Akhristu anzawo. Adatenga ndodo yawo ulendo kunyumba kwa a Shehe, kufika n'kuvula nsapato, kukhala pa mkeka. Ndidawaperekeza ndine. Mawu awo oyamba adali akuti: "A Shehe, mwana wathu walakwa, tabwera kudzapepesa. Koma nayenso ali ndi ana ofuna kudya, tithandizane nzeru."

M'mawa mwake tidakhala pansi pa mtengo wa mango, a tcheyamani a msika ali pomwepo. Chiwaya chidasamukira kumapeto, kufupi ndi ma botolo sitolo, komwe ndiponso kuli makasitomala ake enieni. Anyamata achisilamu ndi omwe adathandiza kuzika mitengo ya shedi yatsopano. Agogo aja adapisa m'thumba, ife tidaonjezerapo, bambo wa mbuzi adabwezeredwa mpamba wake.

Musaganize kuti onse adawaombera m'manja. Ena ku mpingo adawanena kuti agulitsa chipembedzo, agwadira Asilamu. Iwo adangoti Lamulungu adzakhala pa benchi yawo yomweija, palibe chomwe ataya.

Zimene adachita agogowa si zachilendo m'dziko muno. Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a Katolika adatulutsa kalata ija yomwe idagwedeza boma la chipani chimodzi. Chaka chomwecho kudabadwa bungwe la Public Affairs Committee, PAC, momwe Akhristu a mipingo yosiyanasiyana adakhala pa tebulo limodzi ndi Asilamu. Adakankhira limodzi mpaka riferendamu ya pa 14 Juni 1993, ndipo mu 1994 dziko la Akhristu ambiri lidasankha Msilamu, a Bakili Muluzi, kukhala pulezidenti.

Koma tidaonanso mbali ina. Chisankho cha 1999 chitatha, anthu okwiya ndi zotsatira adatentha mizikiti ingapo kumpoto. Mkangano udali wa mavoti, koma zidapsa ndi nyumba zopempherera. Mu Novembala 2019 ku Balaka, Akhristu ndi Asilamu adagendana pa nkhani ya atsikana ovala hijabu pa sukulu ya mpingo, katundu adaonongeka, ana adakhala pakhomo osaphunzira. Padatenga zokambirana zambirimbiri, PAC ili pakati, kuti mu 2021 mbali ziwirizi zisainirane mgwirizano wolola atsikanawo kuvala hijabu yogwirizana ndi yunifolomu. Mu 2022 aphungu adavomereza lamulo lokhazikitsa bungwe loona za mtendere ndi umodzi m'dziko muno.

Palinso za Gule Wamkulu, yemwe kwa zaka zambiri ankaonana ndi diso lofiira ndi mipingo. Mukatsika ndi msewu wa M5 kuchoka ku Salima, mufika ku Mua m'boma la Dedza. Kumeneko wansembe wochokera ku Canada, Bambo Claude Boucher, amene anthu adamutcha Achisale, adatsegula malo a Kungoni mu 1976. Adasonkhanitsa zilombo za gule ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao, kuti munthu ayambe wamvetsa mwambo wa mnzake asanautukwane.

Malamulo ndi mapangano a ku Lilongwe ndi abwino, koma mwala ukanyamulidwa pa msika, pepala silifika msanga. Amafika msanga ndi munthu ngati agogo aja, amene adadzichepetsa n'kuyamba iwo kugogoda pa khomo la eni dandaulo.

Ife amalonda timadziwa kale zimenezi, kungoti timaiwala. Ukafuna kuti mbuzi yako igulidwe ndi aliyense, umaitana Msilamu kuti azinge. Mwezi wa Ramadani ukakwana, amayi a Mvano ndi omwe amagulitsa zitumbuwa ndi nthochi zambiri madzulo. Pa chipereganyu sitifunsana za ubatizo. Mwera ukagubuduza bwato, amakakuvuula ndi amene ali pafupi.

Ndiye pakabwera a ndale ndi nsalu zawo, kumakuuzani kuti mnzanu wa pa benchi ndi mdani chifukwa cha kumene amapemphera, afunseni ngati adzabwere kudzakubwezerani mpamba msika ukapsa. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, akulu adatero.

Agogo aja adatisiya chaka chatha. Pa maliro awo kwaya idaimba mpaka mbandakucha, ndipo mbuzi ya ndiwo adabweretsa ndi bambo wachisilamu uja, atazinga yekha kuti aliyense adye.