Makina osungira deta akafa, msika umaima

Pa 1 Okutobala 2020, msika wa masheya wa Tokyo ku Japan, womwe ndi umodzi mwa misika ikuluikulu padziko lonse, sunachite malonda tsiku lonse. Kunalibe chivomezi kapena sitalaka. Kachipangizo kamodzi m'makina osungira deta ya msikawo ndi kamene kanawonongeka.

Makina achiwiri analipo, oikidwa dala kuti alowe m'malo pakagwa vuto lotere. Koma sanayambe okha ntchito, chifukwa anatcheredwa motsatira buku la malangizo la kampani ya Fujitsu lomwe linali ndi mfundo zakale. Misika ya Nagoya, Fukuoka ndi Sapporo, yomwe imadalira makina a Tokyo, nayonso inaima. Kumapeto kwa Novembala chaka chomwecho, mkulu wa msikawo, Koichiro Miyahara, anatula pansi udindo.

Nkhaniyi ikukhudza bizinesi iliyonse yomwe ndalama zake zimadutsa pa kompyuta, kaya ndi banki, kampani ya inshulansi kapena golosale yaikulu ya nthambi zambiri. Kugula makina awiri si kokwanira. Tayala la sipeya lopanda mpweya silingafikitse minibasi kudepoti.

Makampani akuluakulu ambiri amasunga deta yawo pa SAN. Iyi ndi netiweki yapadera yolumikiza maseva ndi mabokosi a madisiki, nthawi zambiri kudzera m'mawaya a fibre ndi maswichi a Fibre Channel. Ubwino wake ndi wakuti maseva ambiri amatunga pankhokwe imodzi. Kuipa kwake ndi komweko: nkhokweyo ikatsekeka, onse amagona ndi njala.

N'chifukwa chake pokonza SAN yosaima wamba, lamulo ndi lakuti pasakhale chipangizo chimodzi chomwe chingagwetse zonse. Seva iliyonse imakhala ndi njira ziwiri zopita kumadisiki, iliyonse yodutsa pa swichi yakeyake. Bokosi la madisiki limakhala ndi zowongolera ziwiri, ndipo deta imalembedwa pa madisiki angapo mwa njira ya RAID, kuti imodzi ikafa pasatayike kanthu. Magetsi nawo amafunika kuchokera mbali ziwiri. Kuno ku Malawi, komwe kuthimathima kwa magetsi si kwachilendo, mabatire a UPS ndi jenereta yokhala ndi mafuta okwanira ziyenera kulowa mu bajeti kuyambira pachiyambi.

Ogulitsa makinawa amakonda kulonjeza ndi manambala, ndipo wogula ayenera kuwasandutsa maola. Lonjezo la 99.9 peresenti likutanthauza kuti makina angaime pafupifupi maola 9 pachaka. La 99.99 peresenti ndi mphindi pafupifupi 53, pomwe la 99.999 peresenti ndi mphindi 5 zokha. Nambala 9 iliyonse yowonjezera imakweza mtengo, choncho mwini bizinesi ayambe wawerengera ndalama zomwe amataya pa ola limodzi makina akaima, kenako asankhe zomwe thumba lake lingakwanitse.

Zomwe zinachitikira bungwe lotolera misonkho ku Australia zikuonetsa mbali ina ya vutoli. Pa 12 Disembala 2016, SAN ya mtundu wa 3PAR ya kampani ya Hewlett Packard Enterprise inafa, ndipo ntchito za pa intaneti za bungwelo zinasokonekera kwa masiku angapo. Lipoti la bungwelo linaloza chala mawaya a fibre omwe anali ndi vuto. Linanenanso kuti makinawo anatcheredwa moganizira kwambiri liwiro kusiyana ndi kulimba, komanso kuti zida zobwezeretsera ntchito zinkasungidwa pa SAN yomwe inafayo. Zili ngati kutsekera kiyi wa sipeya m'nyumba momwemo. Makinawo anaimanso mu Febuluwale 2017.

Pali mafunso anayi omwe mwini bizinesi angafunse wa zamakompyuta kapena kampani yomwe imamusungira deta, ngakhale iye asali katswiri.

Loyamba: makina achiwiri anayesedwa liti komaliza, ndipo anayesedwa bwanji? Kuyesa kwenikweni ndi kuthimitsa dala mbali imodzi pa nthawi yomwe malonda ali ochepa, n'kuona ngati inayo yanyamuladi katundu.

Lachiwiri: zinthu zikavuta, deta ya mphindi zingati ingatayike, ndipo padzatenga maola angati kuti ntchito iyambirenso? Mayankho ake alembedwe mu mgwirizano, asakhale apakamwa.

Lachitatu: kope la deta lili kuti? Kukopera deta kumalo ena nthawi yomweyo n'kothandiza nyumba ikapsa, koma fayilo ikafufutidwa molakwika kapena ikalowa vayirasi, cholakwikacho chimakoperedwanso. Pamafunika kope lina lapadera, losungidwa kutali, lomwe limayesedwa kawirikawiri ngati likutseguka.

Lachinayi: ndani amawerenga machenjezo a makinawa usiku ndi pa tchuthi, ndipo disiki kapena swichi yatsopano ingafike m'masiku angati ikamachokera kunja?

Bizinesi yaing'ono singafunike SAN, koma mafunsowa amagwira ntchito ngakhale pa kompyuta imodzi ya pa kauntala yomwe ili ndi ngongole zonse za makasitomala. Woperekera makina amene akuzengereza kuyankha funso loyamba, sanayenere kulandira ndalama.