Ojambula a ku Dzaleka

Ku Dzaleka wojambula amadyera zikwangwani. Wometa akufuna mitu yometedwa bwino pakhoma la shopu yake, mayi wa lesitilanti akufuna mbale ya chapati ndi nyemba pamwamba pa chitseko, mpingo watsopano ukufuna dzina lake m'Chiswahili ndi m'Chifalansa. Wina amabwera ndi chithunzi cha pafoni, cha kholo limene linatsala ku Uvira kapena ku Bujumbura, kuti amujambulire nkhopeyo pansalu. Ndalama ya ufa ndi makala imachokera pamenepa, ndipo mmisiri wosadziwa kulemba zilembo zowongoka sakhalitsa pantchitoyi.

Msasa wa Dzaleka uli m'boma la Dowa, makilomita oposa 40 kuchokera ku Lilongwe. Nthawi ya Kamuzu panali ndende ya akaidi a ndale, ndipo mu 1994 boma ndi bungwe la UNHCR anayamba kusungirapo anthu othawa kwawo. Malo amene anakonzera anthu osapitirira 12,000 lero akusunga oposa 50,000, ambiri a ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Malamulo a dziko lino salola wothawa kwawo kukakhala kapena kukagwira ntchito kunja kwa msasa, ndipo mu 2023 amene anali m'matauni anawabweza kuno mokakamiza. Wojambula zimamupweteka pawiri. Penti wabwino ndi maburashi zili ku Lilongwe, ogula nawo ali komweko, koma iye kuti atuluke ayenera kupempha kaye chilolezo.

Pali ntchito ina imene ena mwa amisiriwa amagwira popanda wowatuma, ndipo ndi imene imandigwira mtima. Ndi zithunzi zopanda nkhope, zopanda nyumba kapena nyama yoti munthu n'kuiloza. Wojambula sayamba walemba ndi pensulo. Amathira utoto wofiira ngati katondo wa ku Dowa, n'kuukoka ndi chala, kasanza kapena chidutswa cha katoni, dzanja likutsogola, maganizo akubwera pambuyo. Mizere ya m'minda ya chimanga ndi fodya imatulukamo yokha. Mumaoneka fumbi la mu Okutobala, nkhungu yokuta mapiri a ku Ntchisi m'nyengo ya mwera, mtunda wometeka chifukwa cha nkhuni. Amene anakulira m'mphepete mwa nyanja ya Tanganyika amabweretsamo mtundu wa madzi umene kuno kumtunda suoneka. Luso lalikulu ndi kudziwa polekera, chifukwa mzere umodzi wowonjezera umapha chithunzi chonse, ndipo penti wowonongekayo salinso wobweza.

Woyang'ana amafunsa kuti, "Nanga ichi n'chiyani?" Ena amati n'zachizungu. Apa ndiye ndimakana. Kummawa kwa Rwanda amayi akhala akuumba imigongo kuyambira kale, mizere yokhotakhota ya ndowe za ng'ombe yopakidwa utoto wakuda, woyera ndi wofiira. Anthu a mtundu wa Kuba ku Kasai amaluka nsalu za chiwale zokhala ndi maluwa osintha pakati popanda kuchenjeza. Ku Lubumbashi, pamalo ojambulira amene Pierre Romain-Desfossés anatsegula mu 1946, Bela ankajambula nsomba ndi mbalame ndi nsonga za zala, pamene Mwenze Kibwanga ankadzaza nsalu yonse ndi timizere tifupitifupi togundizana. Ifenso tili nazo zathu. M'mapanga a Chongoni ku Dedza, amene UNESCO inawazindikira mu 2006, muli zozungulira ndi mizere yofiira zimene anasiya Akafula. Ndipo mayi wa kumudzi akamazira nyumba, n'kulemba m'munsi mwa khoma ndi dothi lamitundumitundu, palibe amamufunsa tanthauzo.

Vuto ndi msika. Chikondwerero cha Tumaini, chimene anayambitsa wandakatulo wa ku Congo Menes La Plume mu 2014, chakhala chikubweretsa alendo ochuluka mumsasa, ndipo ojambula amayala ntchito zawo pambali pa oluka madengu ndi osoka zikwama. Koma mlendo nthawi zambiri amafuna njovu, mayi wosenza mtsuko, kapena chithunzi cha nkhondo choti akafotokozere anzake kwawo. Zimandiwawa kuti munthu amene anathawa mfuti azimuyembekezera kujambula mfuti yomweyo kuti agule sopo.

Chikondwererocho n'cha masiku ochepa pachaka. Miyezi yotsalayo nsalu amazipinda n'kuzisunga m'nyumba za zidina, momwe chinyezi cha dzinja ndi chiswe zimaziwononga. Achinyamata tsopano amazijambula pafoni n'kuika pa Facebook ndi WhatsApp. Wogula akapezeka amatumiza ndalama pafoni, kenako mmisiri amasaka munthu wokhulupirika wokwera minibasi ya ku Lilongwe kuti akamuperekere.