Loweruka la ku Scapa Flow (Gawo Lachitatu)

Nyuzipepala imene inafika m'manja mwa Admiral Ludwig von Reuter wa ku Germany inali itagona kale masiku anayi. Inali The Times ya ku London, ndipo zimene anawerengamo zinamusowetsa tulo: mayiko opambana nkhondo yoyamba ya dziko lonse anali atauza Germany kuti ivomere pangano la ku Versailles pofika pa 21 Juni 1919, apo ayi mfuti ziyambiranso kulira. Tsikulo linadzasunthidwa kufika pa 23 Juni, koma pepala logonalo silikanatha kumuuza zimenezo.

Monga tinaonera m'gawo lapitali, sitima zankhondo 74 za Ajeremani zinali zitaponya anangula ku Scapa Flow, pakati pa zilumba za Orkney kumpoto kwa Scotland, zambiri mwa izo kuyambira Novembala 1918. Mwa lamulo zinali zikadali za Germany, zongosungidwa podikira chigamulo. Koma mizinga yake sinkathanso kuomba, mawailesi anali atazulidwa, ndipo amalinyero sankaloledwa kuponda mtunda ngakhale kukacheza pa sitima yoyandikana nayo. Chakudya chinkachokera kwawo, kumene nakonso njala inali itamanga nthenje. Anyamata amene zaka zitatu m'mbuyomo anaombana ndi Angerezi ku Jutland tsopano ankaswera kuwedza tinsomba ndi kutchera mbalame za kunyanja, dzimbiri likudya zitsulo pansi pa mapazi awo.

Chimene chimandikhudza pa Reuter n'chakuti anali mkulu wa asilikali wopanda maso ndi makutu. Boma lake linali kutali. Ena mwa anthu ake omwe, mitima itatentha ndi zipolowe za kwawo, anasiya kumumvera, mpaka iye anasamuka pa sitima yaikulu ya Friedrich der Grosse n'kukakhala pa Emden, yocheperapo. Ku Paris akuluakulu ankakangana za kagawidwe ka sitima zake ngati nyama ya pa msampha, France ndi Italy akufuna gawo lawo, mwini wake osafunsidwa. Choncho pamene chiwerengero cha amalinyero chinachepetsedwa m'mwezi wa Juni, kutsala ochepera 2,000, iye sanadandaule. Osamvera ambiri anapita kwawo. Otsalawo akanatha kusunga chinsinsi.

Lamulo lake linalembedwa pa 17 Juni n'kugawidwa kwa akapitawo a sitima zonse, ndipo makalata ake anayenda pa timaboti ta Angerezi eni ake tonyamula mtokoma. Kuyambira pamenepo ntchito inagwiridwa mwakachetechete m'mimba mwa sitima iliyonse. Zitseko zachitsulo zotchinga madzi kuti asadutse chipinda china kupita china zinasiyidwa pululu. Timawindo tozungulira ta m'mbali tinamasulidwa. Mipopi ya pansi penipeni, imene ikatsegulidwa nyanja imalowa yokha, inapakidwa mafuta kuti isadzavute tsiku lake. Taganizirani munthu amene wakhala zaka akupukuta makina omwewo, akuwadziwa kulira kwake monga mayi adziwira kulira kwa mwana, lero akuwakonzera manda ndi manja ake.

Loweruka pa 21 Juni kunacha bwino, nyanja ili bata. Nyengo imeneyi ku Orkney usiku umangokhala wa dzina, mdima sugwira kwenikweni. M'mawa umenewo alonda a pa Emden anaona chinthu chimene sankachiyembekezera: Vice Admiral Sydney Fremantle, mkulu wa Angerezi owalondera, akutulutsa sitima zake zikuluzikulu kupita kunyanja yaikulu kukayeserera zida. Anasiya tisitima tochepa ndi timaboti tolondera basi.

Reuter anakwera pamwamba atavala yunifolomu yake ya pa mwambo, mamendulo ali pachifuwa. Anayendayenda pang'ono, akuyang'ana mizere ya sitima zake. Kenaka, dzuwa lisanafike pamutu, analamula kuti mbendera za uthenga zikwezedwe. Mawu ake anali ochepa, oti mlendo sakanatolapo kanthu: ndime 11, tsimikizani. Uthengawo unayenda sitima ndi sitima, pena ndi mbendera, pena ndi nyali, mpaka kumathero kwa mzere.

Kwa kanthawi ndithu panalibe chooneka. Madzi akamalowa pansi pa chitsulo cholemera matani masauzande ambiri sachita phokoso kunja.

Nthawi yomweyo boti lotchedwa Flying Kestrel linali pakati penipeni pa sitimazo, litadzaza ana asukulu a ku Stromness amene anatengedwa kuti akaone zombo za adani pafupi. Anali atadutsa m'mbali mwa zimphona zotuwazo, makosi ali chagada, akuwerenga mayina olembedwa pa zitsulo. Ana ndiwo amaona msanga chachilendo. Pamwamba pa sitima ina panakwera mbendera yoyera ya mtanda wakuda, mbendera ya nkhondo ya Germany imene Angerezi anailetsa kuyambira tsiku loyamba. Inakweranso pa ina, n'kukweranso pa ina.

Itangokwana 12 koloko, belu la pa Friedrich der Grosse linayamba kulira. Sitimayo inali itapendekeka, ikunka nigonera mbali imodzi, mpweya ukutuluka m'mawindo ndi mkokomo. Amalinyero ake anali atatsikira kale m'timaboti topalasa, ena atanyamula timitolo ta zovala, akulunjika kumtunda kumene sanaloledwe kupondako miyezi isanu ndi iwiri.

Patsogolo pawo panali kaboti kolondera ka Angerezi. Mkulu wawo anali kutali kunyanja, uthenga womuitana unali utangotumizidwa kumene, ndipo panalibe wowauza chochita. Kumbuyo kwa timaboti topalasato sitima yachiwiri inayamba kupendekeka, yachitatunso. Boti la ana lija linali lisanatuluke pakati pa zonsezi. Pa kaboti kolonderako asilikali anathamangira mfuti zawo, n'kuzilozetsa kwa anthu opalasawo.

(Ipitirira)