Mankhwala a dexamethasone angasinthe khalidwe la wokwera phiri

Mzinda wa Lusaka uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo anthu amapuma bwino. Koma phiri la Kilimanjaro ku Tanzania, limene anthu ambiri amapita kukakwera, lifika mamita 5,895. Pamwamba pake munthu akapuma amalandira theka cabe la mpweya wa okosijeni umene angalandire m'mbali mwa nyanja.

Kuyambira pa mamita 2,500, kucepa kwa mpweyawu kumadwalitsa ena. Mutu umawawa, amacita mseru, amaganiza mocedwa ndi kuiwalaiwala. Matenda akakula bongo umatupa, munthu amayenda dzandidzandi ngati woledzera, ndipo angafe.

Madokotala amapereka dexamethasone pofuna kupewa kapena kucepetsa kutupako. Mankhwalawa ali m'gulu la ma steroid, limodzi ndi prednisolone amene odwala mphumu amalandira ku kiliniki. Akayamba kugwira nchito mutu umaleka kuwawa ndipo nzeru zimabwerera.

Vuto ndi lakuti mankhwalawa sathandiza thupi kuzolowera mpweya wocepa. Amangobisa zizindikiro. Wokwera phiri amadzimva wamphamvu napitiriza ulendo, koma mankhwala akatha matenda angabwerenso iye ali pamwamba kwambiri.

Ma steroid amakhudzanso maganizo. Ena amasangalala mopitirira muyeso, amalankhula kwambiri ndi kudziona ngati sangalephere ciliconse. Ena amasowa tulo, amapsa mtima msanga kapena kuda nkhawa. Owerengeka amamva mawu kapena kuona zinthu zimene kulibe. Motero paphiri nkovuta kudziwa ngati munthu wasokonezeka cifukwa ca mankhwala kapena bongo wayamba kutupa.

Cifukwa cace wosokonezeka aliyense ayenera kutsitsidwa msanga, ngakhale akane. Asasiyidwe yekha. Opitirira mamita 3,000 asakagone pamalo okwera kuposa mamita 500 kucokera pamene anagona dzulo lace. Odwala shuga auze dokotala ulendo usanayambe, pakuti ma steroid amakweza shuga m'magazi.

Kusintha kwa khalidwe kotereku kumacitikanso m'makomboni kwa amene akumwa prednisolone. Abale akaona wodwala akulephera kugona kapena akukwiya popanda cifukwa, ampereke ku kiliniki. Amene wamwa mankhwalawa kwa milungu ingapo asaleke mwadzidzidzi, pakuti angafooke kwambiri mpaka kukomoka. Dokotala ndiye amacepetsa mlingo pang'onopang'ono.