Kutenga Magazi pa Port ya Wodwala Khansa Kumafuna Singano Yake ndi Manja Ophunzitsidwa

Wodwala khansa amene akulandira mankhwala amphamvu a m'diripi, omwe achipatala amawatchula kuti kemo, amayenera kuyezedwa magazi asanalandire gawo lililonse la mankhwalawo, chifukwa kemo ikamapha maselo a khansa imachepetsanso asilikali a m'thupi pamodzi ndi tizigawo tothandiza magazi kuundana munthu akavulala. Kwa munthu wa ku Nkhotakota, kaya wa ku Dwangwa kapena wa ku Chia, mankhwalawa amakawapeza ku Lilongwe, kuchipatala cha khansa cha pa Kamuzu Central, ulendo wa makilomita pafupifupi 200 kudzera ku Salima, pomwe akadwala ali kumudzi amathamangira kuchipatala cha boma cha Nkhotakota kapena cha St Anne's cha mpingo wa Anglican.

Odwala ambiri m'Malawi muno amalandira kemo kudzera pa mtsempha wa pamkono, koma ena, makamaka amene anakathandizidwa ku India kapena ku South Africa, amabwerera ali ndi kachipangizo kotchedwa port. Kachipangizoka, komwe madokotala anayamba kukagwiritsa ntchito ku America m'chaka cha 1982, n'kakang'ono ngati ndalama yachitsulo ya K10, ndipo kamaikidwa mwa opaleshoni mkati mwa khungu la pachifuwa, m'munsi mwa fupa lochoka pakhosi kupita kuphewa. Pamwamba pake pali chivindikiro chofewa cha silikoni chobayapo singano, ndipo m'mbali mwake mumachoka kapaipi kopyapyala kolowa mu mtsempha waukulu wotsirira magazi mu mtima. Ubwino wake ndi woti mitsempha ya m'manja, yomwe kemo imaiwotcha ndi kuiumitsa, imapuma. Kuopsa kwake ndi koti tizilombo tikalowerapo timafika m'magazi a thupi lonse mosachedwa.

N'chifukwa chake namwino wotenga magazi pa port amayamba wasamba m'manja, kuvala chophimba pakamwa ndi magolovesi opanda tizilombo, kenako amayang'ana ngati pamalopo patupa, pafiira kapena pakutuluka mafinya, poti port yotere siibayidwa. Akapukuta khungu ndi mankhwala a chlorhexidine, amadikira kuti paume pokha, osaupiza kapena kuuzira mpweya. Singano yake si ya jekeseni wamba koma yotchedwa Huber, yomwe nsonga yake inapindidwa pang'ono kuti izing'amba silikoni m'malo moiboola n'kuchotsapo kachidutswa. Singano wamba imasiya dzenje lomwe mankhwala amadzatayikira m'mnofu. Namwino amapana port ndi zala za dzanja limodzi kuti isaterereke, n'kulowetsa singano choongoka mpaka itagunda pansi pake.

Magazi oyamba kutuluka, mamililita 5 mpaka 10, amatayidwa chifukwa amakhala osakanikirana ndi madzi otsalira m'kapaipi, ndipo akapita ku labotale angapereke zotsatira zabodza. Amasungidwa pokhapokha ngati cholinga ndi kufufuza tizilombo m'magazimo. Akatenga oyenera kuyezedwa, namwino amatsuka kapaipi ndi madzi amchere a kuchipatala okwana mamililita 20, akukankha pang'ono n'kuima, kukankhanso n'kuima, kuti magazi okakamira m'mbali achoke asanaundane n'kutseka njira. Sirinji yochepera mamililita 10 siiloledwa, popeza imakankha madzi mwamphamvu moti kapaipi kangathe kuphulika. Magazi akakana kutuluka, wodwala amauzidwa kukweza mkono, kutsokomola kapena kugonera mbali ina, koma madzi akamalimba kulowa sakakamizidwa. Ngakhale port yomwe sikugwiritsidwa ntchito imafuna kutsukidwa pakatha milungu 4 mpaka 8, malinga ndi malangizo a chipatala chomwe chinaiika.

Anthu a kunyanja ayenera kudziwanso zinthu ziwiri. Choyamba, kusamba m'nyanja n'koletsedwa bala la opaleshoni lisanapole kapena singano ikadali pachifuwa. Chachiwiri, ku Nkhotakota malungo ndi ofala kotero kuti thupi likatentha anthu amangoti ndi malungo n'kukagula panado pagolosale, chonsecho kwa wolandira kemo kutentha thupi kofika madigiri 38, kapena kunjenjemera port itangotsukidwa, kungakhale chizindikiro cha tizilombo m'magazi. Ngoziyi imakula pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 chilandirireni mankhwala, pomwe asilikali a m'thupi amakhala atatsika kwambiri, ndipo wodwala ayenera kufika kuchipatala nthawi yomweyo, usana kapena usiku, buku lake la kuchipatala lili m'manja.

Pomwe palibe singano ya Huber kapena namwino amene anaphunzitsidwa ntchitoyi, port isakhudzidwe, ndipo wodwala kapena womudwazika ali ndi ufulu wonse wopempha kuti magazi atengedwe pa mtsempha wa pamkono monga zimachitikira ndi wodwala wina aliyense.